Paul Klipsch, Bambo Amene Anapinda Lipenga

Anzanga, tonse timachidziwa chimkuzamawu chooneka ngati lipenga chija, chimene amachimangirira mumtengo kukakhala msonkhano, kapena pamwamba pa galimoto ya otsatsa malonda. Chimamveka patali zedi, koma akaikapo nyimbo zimatuluka zobaya m'khutu, mabesi mulibe. Sabata ino ndikuuzani za munthu amene anakalamba akulimbana ndi vuto limeneli. Dzina lake ndi Paul Wilbur Klipsch, wa ku America.

Anabadwa pa 9 Malichi 1904 m'tauni ya Elkhart, m'chigawo cha Indiana. Bambo ake ankaphunzitsa zauinjiniya pa yunivesite ya Purdue, koma anamwalira Paul ali ndi zaka 12. Atafika zaka 15, msinkhu wathu womwewu, anatenga chipaipi cha katoni chotumizira mapepala pa positi n'kuchilumikiza ku mahedifoni, mawu n'kumatuluka okwererapo. Imeneyo ndiyo inali sipika yake yoyamba. Munali mu 1919, kutatsala chaka kuti wayilesi ya KDKA iyambe kuulutsa mawu ku Pittsburgh.

Atakula, a Klipsch anaphunzira uinjiniya wa zamagetsi ku New Mexico n'kumaliza mu 1926. Kumeneko ankaimbanso lipenga m'bandi ya pakoleji. Anagwirako ntchito ku kampani ya General Electric, kenako anapita ku Chile kukasamalira sitima zapamtunda zoyendera magetsi. Atabwerako anakawonjezera maphunziro ku Stanford, ndipo analowa ntchito yofufuza mafuta pansi pa nthaka ku Texas. Koma za masipika sizinawachoke m'mutu.

Kuti mumvetse zimene anachita, muyambe mwadziwa kuti sipika wamba ndi chinthu chowononga. Kambale kake kaja kamagwedezeka kuti kakankhe mpweya, koma mpweya ndi wopepuka, umangothawira m'mbali, ngati mmene zimakhalira ukamapalasa madzi ndi chala chimodzi. Pa magawo 100 a mphamvu yamagetsi imene yalowa, pafupifupi gawo limodzi lokha ndi limene limasanduka mawu. Yotsalayo imangotenthetsa waya basi. Lipenga ndiye limathandiza apa. Kukhosi kwake n'kopanikizika, choncho mpweya umasowa kothawira ndipo kambale kamaukankha bwinobwino, kenako njira imakula pang'onopang'ono mpaka kukamwa. N'chifukwa chake tikamaitana munthu ali kutsidya kwa dambo timaika manja kukamwa, ngakhale sitidziwa kuti tikuchita fizikisi.

Vuto lili pa mabesi. Mawu amayenda mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Besi yakuya, yonjenjemera ka 40 pa sekondi, funde lake limodzi limatalika mamita 8.5. Ndawerengera ndekha, 340 kugawa ndi 40, yesaninso inu. Lipenga loti litulutse funde lotere liyenera kukhala lalitali mamita angapo, kukamwa kwake kotambalala kuposa chitseko. Ndani angalowetse chimenecho m'nyumba? Chimkuzamawu cha pamsonkhano chija n'chachifupi, ndiye mabesi chingawapeze kuti?

A Klipsch anabwera ndi nzeru ziwiri. Yoyamba, analipinda lipengalo m'kati mwa bokosi la matabwa, kuti mawu aziyenda njira yaitali yokhotakhota koma bokosi osakula kwambiri. Yachiwiri ndi imene imandisangalatsa ine. Anaona kuti pangodya ya chipinda, pamene makoma awiri akumana ndi pansi, pamatambasuka ngati lipenga kale. Ndiye bwanji osangokankhira bokosilo pangodya, makoma a nyumba n'kumalizitsa lipengalo? Kunena kwina, chigawo chachikulu cha sipikayo anakumangirani kale amisiri a nyumba, kwaulere.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ili mkati, mu 1941, a Klipsch analowa usilikali ndipo anawatumiza ku tauni yaing'ono ya Hope, m'chigawo cha Arkansas, kumalo oyesera zipolopolo ndi mabomba. Akaweruka kuntchito yophulitsa zinthuyo ankabwerera ku bokosi lawo, kusintha apa, kuyesa, kusinthanso. Mu 1945 boma linawapatsa chikalata chotsimikiza kuti luso limeneli ndi lawo, ndipo mu 1946 anatsegula kampani ya Klipsch and Associates m'kashedi ka malata. Sipika yawo anaitcha Klipschorn. Zoyambazo ankakhoma okha ndi manja awo, mpaka mu 1948 pamene analemba wantchito woyamba. Mwa njira, m'chaka chomwecho cha 1946, m'tauni yomweyo ya Hope, munabadwa Bill Clinton amene anadzakhala pulezidenti wa America. Kamudzi kakang'ono koma.

Sanalekere pomwepo ayi. Lipenga lopindapinda limachita bwino pa mabesi, koma mawu aang'ono okwera amatayika m'makhota. Choncho pamwamba pa bokosi anaikapo lipenga lina lowongoka la mawu apakati, ndipo patapita zaka anawonjezera lachitatu, laling'ono, la mawu okwera kwambiri. Zotsatira zake n'zakuti Klipschorn imatha kudzaza chipinda ndi phokoso lalikulu pa wati imodzi yokha. Ife amene timadalira kabatire ka sola kotha msanga, tikudziwa kuti wati imodzi ndi chiyani. Chinanso, kambale kakamagwedezeka pang'ono mawu sasokonekera, amatuluka oyera. A Klipsch ankalimbikira kwambiri mfundo imeneyi, ndipo ankati chimene anthu akusowa ndi ampulifaya yabwino ya mawati asanu, osati zimphona zodya magetsi.

Analinso munthu wa khalidwe lakelake. Kuseri kwa kolala ya jekete yawo ankabisa kabaji kachikasu kolembedwa mawu achipongwe, oti sindingawalembe pabolodi pano aphunzitsi angaching'ambe chipepalachi. Wina akayamba kutama sipika yake popanda umboni wa miyeso, iwo ankangopinda kolala n'kumuonetsa kabajiko. Ena ankati ndi mwano. Ine ndikuona kuti ogulitsa mawufa pamsika paja, amene amalemba mawati masauzande pakabokosi kosaposa njerwa ziwiri, akufunika munthu wotere.

Komatu Klipschorn ili ndi zovuta zake. Ndi yodula, ndi yolemera kuposa thumba la chimanga la makilogalamu 50, ndipo imafuna ngodya ya makoma olimba. Amene kwanu kuli nyumba yozungulira iwalani. A Klipsch ankadziwa zimenezi. Mu 1957 anapanga kasipika kakang'ono kosafuna ngodya. Mnzawo wina anawanena kuti apandukira chiphunzitso chawo chomwe, iwo osakwiya, n'kungokatcha Heresy, kutanthauza mpatuko. Mu 1963 anapanganso ina yotchedwa La Scala, yoti Winthrop Rockefeller azilankhulira pamisonkhano pamene ankafuna kukhala bwanamkubwa wa Arkansas.

A Klipsch anamwalira pa 5 Meyi 2002 ali ndi zaka 98. Klipschorn ikupangidwabe ku Hope mpaka pano, ndipo imadziwika kuti ndi sipika imene yapangidwa kwa nthawi yaitali kuposa ina iliyonse osadukiza.

Amene mukukayika za ngodyazi, mukafika kunyumba tengani wayilesi ya agogo, iikeni pakati pa chipinda mumvetsere, kenako ikankhireni pansi pangodya mumvetserenso mabesi. Ngati muli ndi katoni, pindani lipenga muike pakasipika ka foni. Mukayesere kunyumba komweko, foni osabwera nayo kuno, a hedi akulandani.