MBIRI YA MALEMU BAMBO HENRY TAYALI, MMISIRI WA ZITHUNZI

Amuna ambiri a ku Mbulumbuzi ndi midzi yina ya m'boma la Chiradzulu anapita ku Southern Rhodesia pa masiku a Citaganya, 1953 kufikira 1963, kukafuna ndalama za msonkho. Kumeneko anamanga nyumba zimene iwo sanagonemo. Mbiri iyi ndi ya munthu amene anaona anchito otere ndi maso ace, nawaika pa nsaru ndi utoto.

Bambo Henry Nkole Tayali anabadwira ku Serenje, m'dziko la Northern Rhodesia, limene tsopano ndi Zambia, pa 22 November 1943, koma anakulira ku Bulawayo. Luso lao la kujambula linaoneka akali mnyamata wa pa sukulu, ndipo ali komweko anajambula cithunzi cao comveka cochedwa Destiny. Pa cithunzi cimeneci pali mzinda waukuru wa utsi ndi nyumba zazitali, ndi khamu la anthu ali piringupiringu, ena atasenza zitsulo, ena atagwira mafosholo. Ali yense amene anagwirako nchito ku Bulawayo angadzipezemo. M'caka ca 1966 cithunzico cinagulidwa ndi mwana wa Sir Humphrey Gibbs, Bwanamkubwa wa dzikolo. Codabwitsa ndithu, kuti thukuta la anchito likapachikidwe m'nyumba yotero. Pambuyo pace bungwe la Lechwe Trust linacigula, nilicibweretsa ku Lusaka.

Iwo anaphunzira pa Makerere ku Uganda, natsiriza m'caka ca 1971, napitiriza maphunziro ku Düsseldorf m'dziko la Germany kufikira 1975. M'caka ca 1976 anakhala mmisiri wa pa University of Zambia.

Tsono kajambulidwe kao kanayamba kusintha. Anajambulabe anthu wamba, a m'nyumba za mowa ndi a m'makwalala, koma pang'ono pang'ono nkhope zinayamba kuzimirira, matupi nalowana, kufikira pa zithunzi zina panatsala mizere ndi mitundu ya utoto yokha. Munthu woona msanga angati mmisiriyo wangothira utoto monga mwana woseweretsa matope. Woganiza cotero walakwa. Amene waima patali pa tsiku la msika pa Mbulumbuzi saona mphuno kapena diso la munthu. Aona nsaru zofiira ndi zakuda zikusokonezana, fumbi, ndi kukankhana. Cimeneco ndico Bambo Tayali anacigwira. Ndiponso umphawi ndiwo umafafaniza nkhope ya munthu. Kwa kapitao wa pa nchito, mwamuna wa ana asanu anali nambala ya pa citupa basi.

Cowayamikira kwambiri ndi ici: dziko la Zambia litalandira ufulu m'caka ca 1964, iwo sanatembenuke kuti azijambula akuruakuru a Boma ndi mbendera zokha. Amphawi anali alipobe, ndipo iwo anawajambulabe. Si amisiri onse amene amalimba mtima cotero boma likakhala la anthu a mtundu wao.

Anaumbanso zifanizo zazikuru. Cimodzi, cochedwa The Graduate, cinaimikidwa pa University of Zambia ku Lusaka: munthu wobvala mkanjo wa otsiriza maphunziro, buku ku dzanja limodzi, khasu ku dzanja lina. Makolo a m'boma lino amene amagulitsa nandolo kuti alipire sukulu ya mwana sasowa wowamasulira cifanizo cimeneco.

Bambo Tayali anamwalira pa 22 July 1987 ku Aachen, m'dziko la Germany, ali ndi zaka 43 zokha, ndipo maliro ao anaikidwa ku Lusaka. M'caka ca 1995 amisiri anzao anatsegula nyumba yoonetseramo zithunzi pa Showgrounds mumzindamo, naicha dzina lao.