Joseph Manton, mmisiri wa mfuti amene milandu inamudyera chuma

Joseph Manton anabadwira ku Grantham, England, mu 1766. Asanatsegule shopu yakeyake ku London, anagwirako ntchito kwa mkulu wake John. Mfuti zake za m'manja ankazipanga zolemera kutsogolo kuti zisamadumphe powombera, choncho chipolopolo chinkafika pomwe munthu waloza. Anthu olemera, kuphatikizapo mlakatuli Lord Byron, ankapita kushopu yake ku Davies Street kukayesa dzanja.

Koma milandu yakukhoti inamudyera chuma. Mu 1826 bizinesi inagwa, ngongole mpaka zinamulowetsa m'ndende. Anamwalira mu 1835 ndipo manda ake ali ku Kensal Green. James Purdey, yemwe anali wantchito wake, anayambitsa kampani ya mfuti yomwe ilipobe ku London mpaka lero.