Walker Evans, Wojambula Amene Adabisa Kamera M'chikhoto

Walker Evans adabadwa pa 3 November 1903 mumzinda wa St. Louis, m'dziko la America. Ali mnyamata ankafunitsitsa kukhala mlembi wa mabuku, ndipo mu 1926 adapita ku Paris komwe adakhalako pafupifupi chaka chimodzi. Atabwerera ku New York adayamba kujambula zithunzi, ntchito imene adaigwira kufikira imfa yake.

Dzina lake lidamveka pa nthawi ya umphawi waukulu umene udagwa m'dzikolo kuyambira 1929. Mu 1935 boma lidamulemba ntchito yojambula moyo wa anthu akumidzi. Mu 1936 iye pamodzi ndi mlembi James Agee adakacheza kwa masabata angapo ndi mabanja atatu a alimi osauka a thonje ku Alabama. Ulendo umenewu udabala buku lotchedwa Let Us Now Praise Famous Men, limene lidatuluka mu 1941.

Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkamusowetsa mtendere. Munthu akaona kamera, nkhope yake imasintha. Amakonza kolala, amaongola msana, amamwetulira mokakamiza. Ngakhale asaione kamerayo, akangomva kuti kwatcha! amatembenuka, ndipo chithunzi chachiwiri sichifanananso ndi choyamba. Evans ankafuna nkhope ya munthu amene ali yekha ndi maganizo ake.

Choncho kuyambira 1938 mpaka 1941 ankakwera sitima zoyenda pansi pa nthaka mumzinda wa New York atabisa kamera yaing'ono ya mtundu wa Contax m'chikhoto chake. Mbali zonyezimira za kamerayo adazipaka utoto wakuda. Galasi lake linkasuzumira pakati pa mabatani awiri, ndipo chingwe chojambulira chinkadutsa m'dzanja la chikhoto kukafika m'chikhatho. Sankatha kuyang'ana mu kamera, ankangoyerekeza. Kulira kwa kamera kunkamira m'phokoso la sitima. Filimu ankaipititsa ndi zala, pozunguza kachitsulo pa nthawi imene iye wafuna. Makamera a mota ndi batire amene adafala m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akadamuulula msanga, pakuti mota umalira ukangojambula, ndipo munthu wakhala moyang'anana nawe amadziwa pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mwa njira imeneyi adajambula zithunzi zoposa 600 za antchito otopa, amayi onyamula katundu ndi nkhalamba zosinza.

Apa mpamene pagona nkhani. Anthu amenewa sadapemphedwe, ndipo Evans ankadziwa kuti wawalowerera. Zithunzizo zidakhala zaka 25 zisadasonkhanitsidwe m'buku, ndipo iye mwini ankaona kuti kupita kwa nthawi kudachepetsako chipongwecho. Bukulo lidatuluka mu 1966 ndi zithunzi 89. Mutu wake, Many Are Called, udachokera pa Mateyu 22:14, mawu amene tonse muno timawadziwa.

Kumapeto kwa moyo wake zinthu zidatembenuka. Mu 1973, thanzi litayamba kumuvuta, adapeza kamera ya Polaroid SX-70. Imeneyi inali ndi mota umene unkakankhira kunja pepala la chithunzi ndi phokoso lomveka kwa aliyense, ndipo chithunzicho chinkaoneka patangopita mphindi zochepa. Kubisala kudatha. Ndi kamera imeneyi adajambula zithunzi zoposa 2,000: zikwangwani za m'misewu, nyumba zakale, ndiponso nkhope za abwenzi ndi ophunzira ake ali pafupi, akumuyang'ana m'maso. Adaphunzitsapo pa yunivesite ya Yale kuyambira 1965, ndipo adamwalira ku New Haven pa 10 April 1975.

Anzanga, lero ambiri tili ndi kamera m'foni ya m'manja, yosafuna filimu kapena chikhoto chobisira. Kale phokoso la kamera linkachenjeza wojambulidwa, koma tsopano chitetezo chake chatsalira m'chikumbumtima cha wojambula. Evans adadikira zaka 25. Kodi ife timadikira mphindi zingati tisadatumize kwa ena chithunzi cha munthu amene tamujambula pamsika, pamaliro kapena m'basi iye osadziwa?