LYMAN SPITZER, MUNTHU AMENE ANAFUNA KUSUNGA MOTO WA DZUWA

Anthu a ku Feira, kumene Luangwa athira m'Zambezi, adziwa bwino ukali wa dzuwa la mwezi wa October. Koma moto umenewo uyaka ndi ciani, popeza ku dzuwako kulibe nkhuni? Anzeru anapeza kuti m'kati mwace tizidutswa ta mpweya wochedwa haidrojeni tigundana ndi kuphatikana, ndipo pophatikanapo paturuka kutentha kwakukuru. Lyman Spitzer anali mmodzi wa oyamba kuyesa kukoleza moto wotere pansi pano, kuti upatse anthu magetsi.

Iye anabadwa pa 26 June 1914 m'mudzi wa Toledo, ku America. Anaphunzira ku Yale, ku Cambridge ndi ku Princeton, nakhala katswiri wa za nyenyezi. M'caka ca 1947 anamuika akhale mkuru wa nyumba yopenyera nyenyezi ya ku Princeton.

M'caka ca 1951 Juan Perón, mtsogoleri wa Argentina, analengeza kuti m'dziko lace akoleza kale moto wa dzuwa. Mbiriyi inali yopanda pace, koma inautsa maganizo a Spitzer, amene anali pa ulendo wa ku mapiri a Colorado kukapumula. Bvuto linali ili: mpweyawo uyenera kutentha kufikira madigiri 100 miliyoni, ndipo ukakhudza khoma la cotengera cace uzirala pomwepo, motowo nuzima. Nanga usungidwe m'ciani?

Tsono mpweya wotentha cotere, umene auchula plasma, umvera mphamvu ya maginito. Spitzer anaganiza zouika m'mpope wopanda mapeto, wokulungidwa ndi waya wa magetsi, kuti maginito augwire pakati osakhudza khoma. Anazindikiranso kuti mpope wozungulira ngati khoza sukwanira, pakuti mphamvu icuruka ca m'kati ndi kucepa ca kunja, ndipo plasma ipatukira ku khoma. Cifukwa cace anaupotoza ngati nambala 8, kuti kupatuka kwa mbali imodzi kubwezedwe ndi mbali inzace. Cipangizoci anacicha stellarator, dzina locokera ku mau a Cilatini onena nyenyezi.

Boma la America linampatsa ndalama, koma linalamula kuti nchitoyo ikhale yacinsinsi. Cinsinsico cinamasulidwa m'caka ca 1958 pa msonkhano wa maiko ku Geneva. Komabe plasma inali kupulumuka msanga, monga nsomba m'mono wobooka, ngakhale m'cipangizo cacikuru ca Model C. M'caka ca 1968 a ku Russia anaonetsa kuti cipangizo cao, tokamak, cisunga kutentha koposa. A ku Britain anapita kukayesa m'caka ca 1969, natsimikiza kuti nzoona. Pamenepo a ku Princeton anasandutsa Model C kukhala tokamak, ndipo ambiri anayesa kuti nzeru ya Spitzer yafa.

Iye anapitiriza nchito yace ya nyenyezi. Kuyambira 1946 analimbikira kuti galasi lopenyera nyenyezi likwezedwe pamwamba pa mpweya wa dziko, kumene kulibe mitambo kapena pfumbi. Anadikira zaka 44, kufikira galasi la Hubble linakwera m'caka ca 1990. Anamwalira ku Princeton pa 31 March 1997, atagwira nchito tsiku lomwelo.

Nzeru yace ija sinafe ai. Pokhala ndi makompyuta owerengera mapotokedwe a maginito, a ku Germany anamanga stellarator yaikuru, Wendelstein 7-X, imene inayamba nchito m'caka ca 2015. Kufikira lero palibe mudzi uunikidwa ndi magetsi a moto wa dzuwa wokolezedwa ndi anthu, ngakhale imodzi ya nkhuni zace, ndiyo haidrojeni wolemera, ipezeka m'madzi onse, ndi a m'Zambezi omwe. Akuru anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Spitzer anabzala mtengo umene sanadye zipatso zace, koma ena akali kuuthirira.