Pyotr Lebedev, Munthu Amene Anayeza Mphamvu ya Kuwala

Kwathu ku Area 36, pamene ndinali wamng'ono, ndinkakonda kusewera ndi chidutswa cha kalilole wosweka wa amayi. Ndinkachitchera padzuwa ndi kuponya kuwala pakhoma, kapena m'maso mwa mlongo wanga, mpaka amayi atandikalipira. Masiku amenewo sindinadziwe konse kuti kuwala kuja kunali kukankhanso kalilole m'dzanja langa. Izi ndazidziwa chaka chino nditawerenga mbiri ya munthu wina wa ku Russia, dzina lake Pyotr Lebedev, ndipo ndifuna kuti inunso anzanga mumve za iye.

Lebedev anabadwira mu mzinda wa Moscow m'chaka cha 1866. Atate wake anali munthu wamalonda, koma mtima wa mnyamatayo unali pa sayansi. M'chaka cha 1887 anapita ku Strasbourg kukaphunzira kwa mphunzitsi wotchuka August Kundt, ndipo mu 1891 anabwerera kwawo nayamba ntchito pa Yunivesite ya Moscow.

Nthawi imeneyo panali funso limene linasautsa anthu ophunzira. Mu 1873 James Clerk Maxwell analemba kuti, monga mwa masamu ake, kuwala kukagwa pa chinthu kumachikankha. Koma panalibe munthu amene anatha kuyeza kukankhako, pakuti nkochepa kwambiri. Taganizani: dzuwa la masana likawala pa bwalo lonse la mpira, limakanikiza bwalolo ndi mphamvu yonga kulemera kwa njere 10 za chimanga basi.

Lebedev anatenga timapiko topyapyala tachitsulo natipachika pa kaulusi mkati mwa botolo lagalasi. Kenaka anapopa mpweya kuuchotsa m'botolomo. Vuto lake linali lakuti kampweya kotsalira kakatenthedwa kankakankha timapikoto koposa kuwala kwenikweniko. Tsono iye anakonza akalilole kuti azitembenuza kuwala kwa nyale yamagetsi, kuti kugwe uku kwa phiko, kenaka uko, kotero kuti anatha kulekanitsa ntchito ya mpweya ndi ntchito ya kuwala. Anabwereza kambirimbiri osataya mtima. Mu 1900 anakanena zimene anapeza pa msonkhano wa ku Paris, ndipo mu 1901 anazisindikiza. Kaulusi kaja kanapotoka monga momwe masamu a Maxwell ananenera. Pofika 1910 anali atasonyezanso kuti kuwala kumakankha ngakhale mpweya.

Chimene chinandikhudza ine kwambiri ndi chimene chinachitika mu 1911. Nduna ya maphunziro, Lev Kasso, inayamba kulowerera pa ufulu wa yunivesite ndipo inachotsa akuluakulu ake. Aphunzitsi oposa 100 anasiya ntchito posonyeza kukana kwawo, ndipo Lebedev anali mmodzi wa iwo. Pakutero anataya malipiro ndi chipinda chake choyeseramo zinthu, ali wodwala mtima kale. Anaitanidwa kukagwira ntchito ku Stockholm, koma sanafune kusiya ophunzira ake. Anthu akufuna kwabwino anasonkha ndalama kuti apitirize ntchito yake ku Moscow komweko, koma anamwalira mu March 1912, ali ndi zaka 46.

Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo ine ndiyesa kuti mbiri iyi iri kutitsina khutu ife ana a sukulu. Onani zimene zinatuluka m'kanthu kakang'ono kaja. Nyumba yaikulu yofufuzira za sayansi ku Moscow inatchedwa dzina la Lebedev. Mmenemo ndimo Nikolay Basov ndi Aleksandr Prokhorov anagwirira ntchito yochulukitsa mphamvu ya mafunde, imene inatsegula njira yopangira laser, ndipo mu 1964 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Charles Townes wa ku America.

Lero anthu a sayansi amaika akalilole awiri moyang'anana, mmodzi wa iwo ali wamng'ono ndi wopepuka koti nkunjenjemera. Kuwala kwa laser kukamabwerera uku ndi uku pakati pawo kumakankha kalilole wamng'onoyo. Iye akasuntha, mpata wa pakati umasintha, ndipo kuchuluka kwa kuwala kolowa kumasinthanso. Motero kuwala kumayendetsa kalilole, kalilolenso namalamulira kuwala. Pogwiritsa ntchito laser imodzi yamphamvu, iwo amatha kutsekera kuwala kwina kofooka, kukutsegulira njira, kukuchedwetsa, ngakhale kukuwonjezera mphamvu. Mu 2010 akatswiri a ku Lausanne, ku Switzerland, anasonyeza kuti kunjenjemera kwa kachipangizo kakang'ono kwambiri kungathe kutsegulira kuwala njira imene inali yotseka.

Ine ndimatopa msanga m'kalasi ya sayansi ngati zoyesa zathu zakana kawiri kapena katatu, ndipo nthawi zina ndakhala ndikufuna kungokopera yankho la mnzanga. Nditawerenga za munthu uyu ndinachita manyazi. Iye anapirira zaka zambiri pa kaulusi kamodzi, ndipo pamene anaona chosalungama sanaumirire mpando wake. Anzanga, tsiku lina mukatchera kalilole padzuwa, mukumbukire kuti dzuwalo liri kukankha dzanja lanu, ndi kuti panali munthu amene sanapume kufikira atayeza kukankhako.