Allan Namoko, Mawu a Ana Osiidwa

Ndinabadwa patapita zaka zingapo chimwalirireni a Allan Namoko, koma mawu awo ndinawadziwa ndisanaphunzire kulemba dzina langa. Ndinakulira ku Malindi, m'mphepete mwa nyanja m'boma la Mangochi, m'manja mwa agogo anga aamuna amene anali msodzi. Madzulo akamasoka ukonde pansi pa mtengo wa mango, kawayilesi kawo kankakhala pambali. Nyimbo ya a Namoko ikangoyamba, agogo ankasiya kusoka, ndipo mwana wolongolola ankadzudzulidwa ndi diso lokha. Mu nkhani ino ndikufuna kufotokoza za munthu amene ankaimitsa manja a agogowo, ndi luso lomwe lili mu chimbale chake.

A Namoko anabadwa mu 1956 m'boma la Thyolo. Anali Mlomwe, ndipo anali osaona. Anatchuka m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, nthawi imene wayilesi ya MBC inali yokhayo m'dziko muno. Woyimba akamveka pamenepo ndiye kuti wamveka kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Umu ndi mmene mawu a mwana wa kudera la minda ya tiyi anafikira kwa asodzi a Chiyao omwe sanamuonepo ndi maso.

Gulu lawo linkatchedwa Chimvu Jazz. Apa tiyenera kusamala ndi mawu akuti jazi. Kwathu kuno sankatanthauza malipenga a ku New Orleans ayi. Ankatanthauza kagulu ka anyamata a banjo, gitala ndi ng'oma, kawirikawiri zopanga okha, oyimba m'misika ndi m'malo a zisangalalo. Ena mwa otchuka a mtundu umenewu anali a Daniel ndi a Donald Kachamba a ku Chileka, amene anatengera kwela wa ku South Africa. A Namoko anatenga njira yawoyawo: banjo yawo inkathamanga ngati ng'oma za kumudzi, pamene mawu ankadandaula pamwamba pake.

Mu 1992 kampani ya Pamtondo, yomwe anayambitsa Dr John Lwanda, Mmalawi wokhala ku Scotland, inatulutsa chimbale chawo chotchedwa Ana Osiidwa. Nditachimvetsera modekha kuno ku sukulu, ndinapezamo zinthu zitatu zimene ndili mwana sindinkazizindikira.

Choyamba ndi mawu enieniwo. Si mawu osalala ngati a kwaya ya ku tchalitchi. Ndi okwera, akuthwa, otuluka ngati a munthu woitana mnzake ali kutsidya kwa mtsinje. Woyimba wa pamsika alibe chokuzira mawu, choncho mmero wake uyenera kupambana phokoso la ogula ndi ogulitsa. Ine ndimawamva ngati a asodzi oitanizana usiku pa nyanja pokoka chilimila.

Chachiwiri ndi kubwereza. Mzere umodzi umatha kubwera kambirimbiri, wotsogolera akayamba anzake n'kuvomera, monga zimakhalira m'nthano ndi m'nyimbo za pamtondo. Wina angati kumeneku n'kusowa mawu. Ine ndikuti ayi. Munthu wolira maliro sasintha mawu kawirikawiri. Chimene chimasintha ndi kulemera kwake. A Namoko ankadziwa kukoka liwu, kulidula, kapena kulichedwetsa pang'ono kuti banjo itsogole, motero mzere womwewo umamveka wachilendo ukabweranso.

Chachitatu ndi chiyankhulo. Mu 1968 Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko, ndipo zinenero zina zinasowa malo m'sukulu ndi pa wayilesi. A Namoko ankayimba m'Chichewa komanso m'Chilomwe, chinenero chimene ana ambiri a Alomwe anali atayamba kale kuchitaya. Agogo anga, amene Chiyao chawo chinalibenso malo m'kalasi, sankamva Chilomwe, komabe ankakondwa kumva munthu wosachita manyazi ndi lilime la amake.

Dzina la chimbalechi nalonso n'lofunika kuliganizira. Chichewa chili ndi mawu akuti ana amasiye, koma apa pali akuti osiidwa, kapena kuti osiyidwa m'kalembedwe ka masiku ano. Mneni ameneyu akuloza wochitiridwa, ndipo amatikakamiza kufunsa kuti wawasiya ndani. Kodi ndi imfa yokha, kapena ndi abale otsala amene atseka zitseko? Chimbalechi chinatuluka pamene matenda a Edzi ankasiya ana ambiri m'manja mwa agogo awo. Inenso bambo anandisiya ndili ndi zaka 6, ndipo tsopano ndikudziwa chimene agogo ankaganiza akasiya ukonde uja n'kundiyang'ana.

A Namoko anamwalira mu 1995, asanakwanitse zaka 40. Lamulo lina loteteza ntchito za aluso linabwera mu 1989, ndipo bungwe la COSOMA linayamba ntchito mu 1992, mochedwa kwa oyimba a m'badwo wawo.

Pomaliza, ndikupempha ife ophunzira za zinenero kuti tisamaone ndakatulo m'mabuku mokha. Nyimbo ngati izi zifunika kuzilemba, kuzimasulira ndi kuzisanthula anthu odziwa Chilomwe chakale akadali moyo. Tikazengereza, nazonso zidzakhala ana osiidwa, ndipo owasiyawo tidzakhala ife.