Thomas Nelson Downs, Mfumu ya Makobiri

Pakati pa anthu amene anachuka ndi masewera a matsenga a m'manja, ndi ocepa amene anafikapo pa Thomas Nelson Downs pa kusewera ndi ndarama zacitsulo. Matsenga ndikunena panowa si a ufiti kapena a mankhwala ai. Ndi luso la zala lonyenga maso, limene munthu amaliphunzira monga momwe timaphunzirira kuyimba ng'oma.

Downs anabadwa pa 16 March, 1867, m'cigawo ca Iowa ku Amereka. Analibe mphunzitsi wa masewerawa, anadziphunzitsa yekha akali mwana. Atasinkhuka analowa nchito yotumiza ndi kulandira mau a pa lamya pa siteshoni ya sitima ya pamtunda m'tauni ya Marshalltown. Nchito yotere iri ndi nthawi yambiri yongokhala, ndipo nthawi imeneyo iye ankagubuduza makobiri pa zala zace, kuwabisa ndi kuwaturutsanso, kwa zaka zoposa 10.

Masiku amenewo amatsenga ambiri ankafika pa bwalo ndi mabokosi akulu-akulu, magalasi, akalulu ndi nkhunda. Downs atasiya nchito ya ku njanje anasankha njira imene inadabwitsa anzace: kuonetsa masewera a ndarama okha-okha. Katundu wace weni-weni anali cipewa cacitali ndi ndarama zodzaza manja, basi.

Tisaganize kuti ndarama iri yonse ingacite. Iye ankakonda hafudola ya siliva ya ku Amereka, imene kukula kwace kuli pafupi ndi hafukoroni imene agogo athu ankagulira nsaru kwacha isanabwere mu 1971. Ndarama yotere ndi yaikulu kotero kuti wokhala kumbuyo kwa holo aiona ikung'anima, komanso si yaikulu kopambana dzanja loibisa. M'mphepete mwace muli timano tating'ono timene timagwira khungu kuti isapulumuke. Ndiponso siliva amalira bwino akagwa. Kunapangidwanso ndarama zina zopyapyala za dzina lace, zosagula kanthu, kuti munthu athe kufumbata zambiri nthawi imodzi. Mnyamata wa ku Ndirande kapena ku Bangwe amene afuna kuyesa ndi K10 yacitsulo adzapeza kuti ndi yaing'ono ndi yopepuka. Ingakome poonetsa anzace pa desiki, koma m'holo ya sukulu wa pa benchi lacisanu sangaione.

Sewero limene linamchukitsa limachedwa Miser's Dream, ndiko kunena loto la munthu woumira. Downs ankagwira cipewa ndi dzanja lamanzere, nakweza lamanja lopanda kanthu, natola ndarama m'malere n'kuiponya m'cipewa, ngwe! Atatero ankatola ina, inanso, mpaka cipewa kulemera. Cinsinsi cace n'cakuti dzanja logwira cipewa lija limakhala litapanira kale mulu wa ndarama m'kati mwa cipewaco. Dzanja lamanja limaonetsa ndarama imodzi, n'kucita ngati laiponya, koma laibisa. Nthawi yomweyo lamanzere limagwetsa imodzi. Khutu likamva kulira kuja, diso limabvomera kuti laona ndarama ikugwa. Ine ndiganiza kuti nzeru yaikulu ya seweroli iri pamenepa, pakuti wopenya amanyengedwa ndi khutu lace lomwe. N'cifukwa cace ndarama yosalira bwino iri yacabe pa seweroli.

Kabisidwe nakonso ankakasankha poyang'ana kumene anthu akhala. Pali njira yobisa ndarama kuseri kwa zala, cikhatho ciri poyera. Anthu akafuna kuona kuseriko, ndarama imabwerera kutsogolo dzanja likutembenuka. Pali inanso imene mpaka lero imachedwa ndi dzina la Downs: ndarama imagonekedwa capansi pa cala cacikulu, yopanidwa m'mphepete mwace, kotero kuti woyang'ana kutsogolo aona zala zotambasuka ndi dzanja lopanda kanthu. Njira ziwirizi zimafuna kuti openya akhale mbali imodzi monga m'holo. Pa msika wa Zingwangwa, pamene ana amakuzinga mbali zonse ndipo ena akusuzumira pa phewa, ungagwidwe usanatole ndarama yaciwiri.

Mbiri yace inakula msanga ku Amereka, ndipo mu 1899 anaoloka nyanja nakaonetsa ku Palace Theatre mu London kwa miyezi yambiri. Anthu anamucha King of Koins, Mfumu ya Makobiri. Mu 1900 anaturutsa buku lochedwa Modern Coin Manipulation, m'mene anaulula njira zace. M'bukumo anafotokozamonso tizipangizo tothandiza amene zala zao sizinakhwime, koma iye mwini anachuka ndi zala. Buku lina, The Art of Magic, linaturuka mu 1909, ndipo John Northern Hilliard ndiye anamthandiza kulikonza.

Cinthu cacilendo n'cakuti anapuma nchito akali ndi mphamvu. Mu 1912 anabwerera ku Marshalltown komwe kuja anayambira, natsegula nyumba ya masewera. Amatsenga acinyamata ankayenda maulendo atali kukamuona kuti aphunzire kwa iye, ndipo mmodzi wa iwo anali Dai Vernon, amene pambuyo pace anakhala mphunzitsi wamkulu wa matsenga a m'manja. Downs anamwalira ku Marshalltown komweko pa 11 September, 1938, ali ndi zaka 71.